Migolo Iwiri ya Dizilo (Gawo Lachinayi)

M'magawo apitawo: Dominiko, makaniko wa mabwato a injini pa kampani ina ya usodzi ku Monkey Bay, anamangidwa patapita masabata atatu chiwerengedwere kalata ya maepiskopi a Katolika. Apolisi anasecha nyumba yake kufuna kalatayo koma sanaipeze. Mlandu umene anamutsegulira ndi wakuba migolo iwiri ya dizilo ya abwana ake. Mboni yaikulu ya boma ndi a Chisale, kalaliki wa sitolo ya kampaniyo, mkulu wa mpingo wa CCAP, amenenso ndi apongozi ake a Dominiko.

Mwera unayamba msanga chaka chimenecho. Pofika pakati pa Meyi 1992 asodzi a chilimira anali atakhala masiku angapo osalowa m'madzi, usipa pamsika wa Monkey Bay unali wowerengeka, ndipo chimanga chinali chitapserera kale m'minda ndi chilala. Anthu opanda chogulitsa amakhala ndi nthawi yolankhula. Lolemba limenelo nkhani inali imodzi basi: mawa mlandu wa Dominiko ukulowa m'khoti ku boma, ku Mangochi.

Ankalankhula chapansipansi, atayamba ayang'ana ngati pafupi palibe malaya ofiira a ayufi.

"Watha mwana uja," anatero mayi wogulitsa matimati, korona ili m'khosi. "Woweruza ndi wa CCAP, akuti amalalikira ndithu Lamulungu. Wapolisi woimira boma amaimba kwaya komweko. Mboni ndi mkulu wa mpingo. Nanga Mroma atulukira pati?"

"Inu musanamizire mpingo wa eni," anayankha mnzake wogulitsa zitumbuwa, wa Chigwirizano. "Aroma ndinu amene muli ndi kothawira. Maepiskopi anu anawaitana ku Kanjedza, koma kodi alipo anagona m'chitokosi? Akanakhala abusa athu bwenzi ali ku Mikuyu. Mudzaona, ansembe atumiza loya kuchokera ku Blantyre, woweruza aopa Papa, mnyamatayo atuluka, dizilo wa eni wapita."

Amayi awiriwa sanalowepo m'khoti chibadwire, ndipo woweruzayo sankamudziwa n'komwe nkhope. Koma mantha awo sanachokere m'mutu mwawo. Pa 8 Malichi, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inasindikizidwa ku Balaka, kwa ansembe a Montfort, m'dayosizi yomwe ino ya Mangochi ya Ambuye Alessandro Assolari, makope 16,000, ochuluka mwa iwo a m'Chichewa. Inanena za malipiro osakwanira, za zipatala ndi masukulu osowa zipangizo, za anthu otsekeredwa osaonekera pamaso pa woweruza. Patangopita masiku awiri Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake anaitanidwa kupolisi ya Kanjedza. Boma linalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu woukira, nyumba yosindikizira ija anthu anaiyatsa moto, ndipo mu Epulo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Kamuzu mwini wake sankatopa kukumbutsa anthu kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo Sinodi ya Nkhoma, kumene a Chisale ndi akulu anzawo ankalandirako malangizo, inali chete. Mkatolika wa ku Monkey Bay akasonkhanitsa zonsezi ankatsimikiza kuti boma, polisi ndi khoti zimapemphera tchalitchi chimodzi.

Panali zina zimene pamsika sankaziwerengera. Ku Mzuzu mbusa wa CCAP, Aaron Longwe, anali atamangidwa mu Epulo momwemo chifukwa cha ulaliki wochokera m'buku la Mika. Orton ndi Vera Chirwa, amene mpingo wa ku Scotland womwewo unawachonderera kwa Kamuzu, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khoti la mafumu ku Soche opanda loya, ndipo anali akadali m'ndende ya Zomba. Chimene chinkapotoza milandu masiku amenewo chinali kuopa chipani. Koma wotchula chipani pamsika ankadziitanira Land Rover usiku, pamene wotchula Aroma kapena Adachi, ndiwo a CCAP, ankagona mwamtendere. N'chifukwa chake mkwiyo umene unayenera kukwera kumtunda unkagwera pa mnansi wa tchalitchi china.

Esinati, mkazi wa Dominiko, anadikira kuti dzuwa lilowe kuseri kwa mapiri, kenaka anabereka mwana wake Tereza n'kukwera kumtunda kwa msika kwa makolo ake. Chichitikire ukwati wake ku mishoni ya Nankhwali mu 1988 ankaponda pakhomopo mwa apo ndi apo, nthawi zambiri bambo ake ali kuntchito. A Chisale sanapite kuukwatiwo. Agogo awo anaphunzira kuwerenga kwa Chembe, kumene Albert Namalambe anatsala akuyang'anira ntchito amishoni a Livingstonia atasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo chaka ndi chaka iwo ankapalasa njinga kukalambula manda a amishoni aja m'munsi mwa phiri. Mwana wawo woyamba atalowa Chiroma, anaona kuti wataya chimene banja linasunga mibadwo itatu.

Anawapeza pathebulo, nyali ya galasi ili pafupi, nsima atangoinyema pang'ono. Anagwada pakhomo.

"Mwaswera bwanji, ababa?"

"Ndaswera. Mwanayo ali bwanji?"

"Akutsokomola, koma akudya." Anakhala kaye chete. "Loweruka ndinali kundende. Mkamwini wanu watupa miyendo. Anati ndikupatseni moni."

A Chisale anakankhira mbale pambali.

"Ababa, anthu akuti mawa mukamupereka chifukwa ndi Mroma."

"Anthu ake ati?"

"Onse. Kumphakati akunena zomwezo. Apongozi anga aleka kundiyankha moni, akuti ndine mwana wa Yudasi. Ndikafika kumjigo, amayi a Chigwirizano akuti ndinazifuna ndekha. Ine ndilibenso kwathu, ababa."

"Iwe Esinati, zaka 27 ndakhala ndikulemba buku la sitolo. Unamvapo kuti ndinalemba lita imodzi yabodza?"

"Ayi, ababa."

"Ukwati wako ndinaukana, sindibisa, ndipo mpaka lero mtima wanga sunavomere. Koma manja a mwamuna wako ndimawadziwa. Akabwereka sipanala amabweza. Mafuta akatsala m'chigubu amabwera nawo kuti ndilembe."

"Ndiye mukanena zimenezo mawa?"

"Khoti silikafunsa za mtima wanga. Likafunsa kuti makiyi a shedi anali ndi yani Loweruka lomaliza la Malichi. Anali ndi iye."

"Nanga dizilo anatenga ndani?"

A Chisale anadzuka, anakatseka zenera, n'kubwerera pampando osayankha. Esinati anakweza maso pashelefu. Pamwamba penipeni panali Buku Lopatulika lalikulu la agogo, limene silinkatsitsidwa kupatula pamaliro ndi paubatizo, lovekedwa chikuto cha nsalu yabuluu chimene iye mwini anasoka ali Sitandade 7. Anameza mate.

"Ababa, pali kanthu kena ndiyenera kukuuzani. Tsiku lija apolisi anabwera kudzasecha, ine ndinathamangira kuno, ndiye..."

Magetsi a galimoto anawala pakhoma. Mayi ake anatulukira kukhitchini, anamugwira mkono, n'kumutulutsira khomo lakumbuyo mwana asanalire. "Pita, usacheuke. Tikaonana mawa."

Amene anatsika m'galimotomo anali a tcheyamani a chipani a eria, baji ya Ngwazi ili pachifuwa. Anyamata awiri a malaya ofiira anatsala panja. A tcheyamani anapereka moni wa manja awiri, anafunsa za amayi, za miyendo ya a Chisale, za chilala. Anali munthu wodziwa kulankhula.

"Akulu a mpingo, ndangoti ndidzakulimbitseni mtima. Ife ndi inu mgonero timadyera gome limodzi. Mukuona nokha zimene Aromawa ayamba. Lero kalata, mawa Chihana watsika ndege ndi zake zija, mkuja ku Blantyre anthu akuswa masitolo. Akufuna atilande dziko anthu amenewa. Mawa mukangoyankha zimene akufunsani. Makiyi anali ndi yani, basi."

"Ndikayankha zoona, a tcheyamani."

"Zoona ndithu, zoona zokhazokha. Paja penshoni yanu yatsala chaka chimodzi, eti? Nanga mnyamata wanu wa ku Chancellor College uja akupeza bwanji? Ana aja anaguba mu Malichi kuchemerera maepiskopi. Maina ambiri anafika kuofesi. Lake sitinalione." Anamwetulira. "Mpaka pano."

Galimoto itapita, a Chisale anakhala nthawi yaitali osasuntha. Munthuyu ankamudziwa bwino. Kutchalitchi ankabwera pa Khirisimasi ndi pamene kuli alendo a boma, ndipo mu 1989, Papa John Paul II akubwera m'Malawi, ndi yemweyu anayenda khomo ndi khomo kuuza Akatolika kuti Ngwazi imawakonda. Tsopano mgonero unali utasanduka chingwe chowamangira nacho.

Cha m'ma 10 koloko kunamveka kugogoda kwa chala chimodzi pazenera. Anali che Saidi, mlonda wa kushedi, atafunda chikwapa cha thumba chifukwa cha mwera.

"Pepani a kalaliki, usiku uno. Ndabwera kudzatsanzika. Abwana andipatsa malipiro a miyezi iwiri, akuti ndipite kwathu ku Makanjira ndikapume, ndisaoneke kuno mpaka mlandu utatha."

"Apolisi sanakulembeni ngati mboni?"

"Anandifunsa tsiku limodzi. Nditatchula lole ija anatseka buku." Che Saidi anakhala pansi, msana kukhoma. "Ine Lachisanu ndimapita kumzikiti. Za Aroma ndi Adachi sindizidziwa, mumazidziwa eni ake. Chimene ndinaona ndi ichi: Dominiko anatsegula shedi chifukwa inu munamutuma, anyamata ofiira anakweza migolo iwiri, lole inapita kukanyamula amayi okavina kumsonkhano wa chipani. Pamigolo paja panalibe mtanda, a kalaliki. Tsono ndikumva pamsika akuti ndi mlandu wa matchalitchi. Ndikudabwa."

"Tsamba la tsiku limenelo analing'amba m'buku."

"Ndikudziwa. Ndinaona amene anang'amba. Koma inu mumalemba ndi kaboni, zaka zonsezi ndimakuonani." Anadzuka n'kukonza chikwapa chake. "Mutu ukakula sulewa nkhonya, a kalaliki. Tsalani bwino."

A Chisale anadikira mpaka mapazi a mlondayo atazilala. Analowa kuchipinda, anasolola sutikesi pansi pa bedi, ndipo m'thumba la jekete yakale anatulutsamo kapepala kachikasu kopindidwa kanayi. Zilembo za kaboni zinali zikuonekabe: migolo iwiri, tsiku, nambala ya lole, ndi siginecha ya a tcheyamani, imene anasaina monyinyirika madzulo aja a Chisale atakana kutulutsa katundu wopanda wosainira. Masabata asanu ndi awiri kapepalako kanagona m'sutikesi pamene mkamwini wawo ankagona pasimenti.

"Mukufuna mutiphetse," anatero akazi awo ali pamphasa, osatembenuka.

"Gonani, amake Esinati."

"Mwana wanu wa ku Zomba mwamuganizira?"

"Ndamuganizira. Ndaganiziranso Tereza."

Sanadziwe ngati adzakatulutsa kapena ayi. Chimene anadziwa n'chakuti pa mseu wa ku Mangochi pali rodibuloko, ndipo ayufi amapisa m'matumba pofuna khadi la chipani. Anazimitsa nyali kuti kuwala kusaoneke panja, anafufuza pashelefu mumdima, anatsitsa Buku Lopatulika la atate awo, n'kulowetsa kapepalako m'kathumba ka chikuto chakumbuyo. Baibulo la mkulu wa mpingo palibe myufi akanalipisa.

Basi ya m'mawa inanyamuka nyanja ikadali yakuda. Inadzaza ndi anthu a mlandu womwewo, ndipo ulendo wonse, kudutsa Nkopola mpaka kuona Shire, panalibe woimba nyimbo kapena wogawira mnzake chinangwa. Esinati anali atakwera lole ya nsomba mbandakucha kuti akafike msanga ndi phala la mwamuna wake, choncho bambo ake sanakumane nawo panjira.

Khoti linali laling'ono ndi lotentha. Popanda wowauza, anthu anakhala ngati pachinkhoswe, akuchimuna uku akuchikazi uko: a mphakati kumanzere ndi makorona awo, a CCAP kumanja, pakati mpata wa munthu mmodzi. Loya wa ku Blantyre amene ankanenedwa pamsika kunalibe. Kunabwera katekisiti yekha, wokalamba, nsapato zake zili fumbi lokhalokha. Pabenchi yakumbuyo panali a tcheyamani ndi anyamata awo awiri, ndi bambo wina wa malaya oyera ndi magalasi akuda amene aliyense ankayesetsa kuti asamuyang'ane.

Dominiko analowa ali ndi unyolo m'manja, atawonda moti kolala inkamuzungulira khosi. Woweruza anali bambo wamfupi wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Kalaliki anawerenga mlandu m'Chingerezi, womasulira anaubwereza m'Chichewa, ndipo Dominiko anati, "Ndikuukana, bwana." Kumanzere mayi wina anayamba kulira, wapolisi wa pakhomo n'kumutonthoza ndi diso.

Mboni yoyamba inali bwana wa kampani, amene ananena mtengo wa dizilo n'kukhala pansi. Yachiwiri inali wapolisi amene anamanga Dominiko. Woweruza anamufunsa ngati migoloyo inapezeka kunyumba kwa wozengedwa mlandu, iye anati ayi. Anamufunsa ngati alipo amene anaona Dominiko akugulitsa dizilo, anatinso ayi. Woweruza analemba nthawi yaitali. Kumanja mayi wina ananong'oneza mnzake kuti, "Mwaona? Ayamba kuopa ansembe." Kumanzere wina anati, "Akungotinamiza, chigamulo analemba kale."

Kenaka anaitana a Chisale.

Analowa atavala suti yawo yakuda ya mgonero, ndipo m'khwapa munali buku lalikulu la chikuto chabuluu. Esinati atangoliona anagwira benchi ndi manja onse awiri. Tsiku limene apolisi anabwera kudzasecha, kalata ya maepiskopi inali m'chitenje chake. Anathamanga nayo kwa makolo ake, anapeza m'nyumba mulibe munthu, ndipo anailowetsa m'kathumba ka chikuto chomwecho, poganiza kuti buku limenelo silidzatsika pashelefu mpaka maliro ena. Anafuna kudzuka, miyendo inakana. Anafuna kuitana, koma bambo wa magalasi akuda anali kumbuyo kwake kwenikweni.

A Chisale anakana Baibulo la khoti mwaulemu, anati alumbira pa la atate awo. Woweruza analola.

Wapolisi woimira boma sanataye nthawi. Anawafunsa dzina, ntchito, ndi zaka zimene agwira.

"Wozengedwa mlanduyu mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa. Ndi mkamwini wanga."

"Loweruka lomaliza la Malichi, makiyi a shedi anali ndi yani?"

"Anali ndi iye."

Kumanzere kunamveka kubuula. Mayi ake a Dominiko anaphimba nkhope ndi mpango.

"Lolemba lake munapeza migolo ingati ikusowa?"

"Iwiri."

"Zikomo. Ndilibenso funso, bwana."

Woweruza anatembenukira kwa Dominiko n'kumuuza kuti popeza alibe loya, ali ndi ufulu wofunsa mboniyo yekha. Dominiko anaimirira, unyolo ukulira. Mwamwambo mkamwini sayang'ana apongozi ake m'maso, ndipo zaka zinayi zonsezi sanayerekezepo. Tsiku limenelo anawayang'ana.

"Apongozi, funso langa ndi limodzi. Anandituma kukatsegula shedi madzulo aja ndani?"

M'khoti munangoti zii. Panja njinga inadutsa ikuliza belu. A Chisale anayang'ana benchi yakumbuyo, a tcheyamani anakhudza baji yawo ndi chala. Anayang'ana kumanja, kumene akulu anzawo a mpingo anali ataweramitsa mitu. Anayang'ananso mdzukulu wawo, amene anali atagona pamsana pa mayi ake, pakamwa pali yasa.

"Ndinakutuma ndine."

Woimira boma anadumpha. "Bwana, mboni iyi sinanene zimenezi kupolisi!"

"Kupolisi sanandifunse," anatero a Chisale, mawu akunjenjemera koma akumveka mpaka pakhomo. "Bwana woweruza, katundu satuluka m'sitolo mwanga wopanda wosainira. Tsamba la tsiku limenelo linang'ambidwa, koma kaboni yake ndili nayo pano."

"Bwana, ndikupempha kuti tiyambe taimitsa mlandu, ndikambirane ndi mboni yanga."

Woweruza anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anthu a mbali zonse ziwiri anasuzumira kutsogolo, aliyense akudikira kuti zimene ananena pamsika zitsimikizike.

"Pempho lakanidwa. Mboni ipereke pepalalo kwa kalaliki wa khoti."

A Chisale anaika buku pathabwa la mboni, analitembenuza, n'kulowetsa zala ziwiri m'kathumba ka chikuto. Esinati anapeza mawu mochedwa.

"Ababa, ayi!"

Zala zinali zitakoka kale. Kapepala kachikasu kanatuluka, ndipo pamodzi nako kanasololoka kabuku kopyapyala kopindika pakati, kanagunda m'mphepete mwa thabwa, n'kugwera pasimenti pafupi ndi nsapato za woimira boma. Kanagwa chagada, mutu wake uli poyera, ndipo aliyense wa pabenchi yakutsogolo anauwerenga. Katekisiti anadzilemba chizindikiro cha mtanda. A Chisale anaima kukamwa kuli pululu, kaboni ili m'manja, akuyang'ana chinthu chimene anali asanachigwirepo chibadwire.

Kumbuyo benchi inalira. Bambo wa magalasi akuda anali ataimirira, ndipo anayamba kuyenda pang'onopang'ono mumpata uja wa pakati pa Akatolika ndi a CCAP, akutulutsa unyolo wachiwiri m'thumba.

"Aliyense akhale pomwe ali," anatero woweruza. Bamboyo sanaime.

Kodi kaboni ija ifika m'manja mwa kalaliki wa khoti? Nanga Esinati aulula kuti kabukuko anaikamo ndi iye? Musaphonye gawo lachisanu.